Bandi Yomata ndi Guluu

Pepala silitulutsa mawu. Wolemba buku la achinyamata oimba bandi amazidziwa zimenezi asanagwire n'cholembera chomwe, ndipo ambiri amagwera pomwepo. Likafika tsiku la zoimbaimba amathira mawu okometsera mpaka tsamba kudzaza: gitala inalira mogwira mtima, ng'oma zinagunda, anthu anaimirira n'kuwomba m'manja. Wowerenga amangovomera poti sanali komweko, koma m'khutu mwake muli zii. A Celia C. Pérez, m'buku lawo lotchedwa The First Rule of Punk lomwe linatuluka mu 2017, vutoli sanalimbane nalo maso ndi maso. Analilambalala, ndipo njira imene anadzera ndi yofunika kuitsata mwachifatse.

Nkhani yake ndi yosavuta, poti analembera ana amene akungolowa kumene m'chinyamata. María Luisa O'Neill-Morales, amene amafuna kuti aliyense azimutchula Malú, ndi mtsikana wa zaka 12. Makolo ake ukwati unatha koma sadana. Bambo ake ndi mzungu, ali ndi shopu yogulitsa malekodi ku Gainesville m'chigawo cha Florida, ndipo ndi amene anamukondetsa nyimbo za punk. Mayi ake ndi a ku America komweko koma a makolo ochokera ku Mexico, amaphunzitsa payunivesite, ndipo amakonda chilichonse cha kwa makolo awo moti mwana wawo anawapeka dzina loti SuperMexican. Mayiwo atapeza ntchito ya zaka ziwiri ku Chicago, Malú anakakamizika kusamuka nawo, kusiya bambo ake, shopu ija ndi zonse zimene ankaziona kuti ndiye iyeyo.

Punk ndi mtundu wa nyimbo za rock umene unabuka pakati pa zaka za m'ma 1970 ku New York ndi ku London. Nyimbo zake ndi zazifupi, zothamanga, zaphokoso, ndipo mwadala sizilira ukatswiri. Chimbale choyamba cha gulu la Ramones, cha mu 1976, chili ndi nyimbo 14 koma chonse sichikwana mphindi 30. Oimbawo ankati munthu asadikire kuti aphunzire kaye kapena kuti kampani yojambula nyimbo imuvomere: watola gitala, wadziwa poika zala malo atatu, basi yamba. Mzimu womwewo unafalitsa timagazini totchedwa zine, timene munthu amapanga yekha patebulo pake. Amadula zithunzi ndi zilembo m'manyuzipepala akale, kumata ndi guluu, kulembapo pamanja, kukachita fotokope n'kugawira anthu. A Pérez, amene agwira ntchito ya mulaibulale ku Chicago, anali atapanga timagazini totere kwa zaka zambiri asanalembe bukuli.

Luso lawo lagona pamenepa. Malú nayenso amapanga ma zine, ndipo m'bukumo sangotchulidwa chabe. Ali momwemo, masamba athunthu pakati pa mitu, zilembo zopendama, zithunzi zodulidwa mokhotakhota, zolemba pamanja zokwera ndi kutsika. Nkhani ikuyenda bwinobwino m'zilembo zosindikiza, mutembenuza tsamba, mwangoona chipwirikiti chakugwerani. Diso limadzidzimuka pamene khutu likanadzidzimuka. Ndiye pofika tsiku limene Malú ndi anzake atatu a m'bandi yake asonkhana koyamba kuti ayese kuimba, wolemba safunikanso kuvutika kutiuza kuti nyimbo yawo ikumveka bwanji. Taiona kale. Tikudziwa kuti ndi yosasalala, yopangidwa mwaphuma ndi manja osazolowera, yosapepesa kwa munthu. Ndi chinyengo chabwino ichi: wowerenga amatseka buku akukhulupirira kuti bandi ija anaimva.

Timagaziniti tili ndi ntchito inanso. Pamaso pa mayi ake, Malú ndi mwana woyankha mwachidule, wokwinya nkhope, wobisa zambiri. Zimene pakamwa pakanika kunena zimatulukira pa sizasi. Motero tili ndi mawu awiri a munthu mmodzi, ena ofotokoza nkhani mwadongosolo, ena okuwa, ndipo pakati pa awiriwo wowerenga amamuona mwanayo bwino kuposa momwe iye mwini akudzionera. Timagazini tomweto ndi timene tanyamula mbiri yakale popanda kuilemetsa nkhani. Kusukulu atawapatsa ntchito yofufuza za makolo awo, Malú anamva kuti agogo ake aamuna anabwera ku America pa ndondomeko ya Bracero, imene kuyambira mu 1942 mpaka 1964 inkatenga amuna a ku Mexico kukagwira ntchito m'minda ndi m'njanji. Wolemba wina akanaika zimenezi m'kamwa mwa mphunzitsi, ana n'kuyamba kuyasamula. Muno zikubwera zitadulidwa ndi kumatidwa ndi mdzukulu amene wangozidziwa kumene ndipo zamukhudza. Kumapeto kwa buku kulinso malangizo a momwe mwana angapindire pepala n'kupanga kake.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Uyu anadza ndi sizasi, ndipo bandi yake anaipanga mwa njira yomwe ankaidziwa: kudula apa, kudula apo, n'kumata zinthu zimene palibe ankaganiza kuti zingakhalire pamodzi. Tsiku loyamba pasukulu ya José Guadalupe Posada anafika atadzipaka zakuda bii m'zikope, kuti aliyense adziwe kuti kwabwera munthu wa punk. Posakhalitsa anamutulutsa m'kalasi n'kukamuika pamodzi ndi ena ophwanya malamulo a kavalidwe. Kumeneko anaonana ndi Joe, mnyamata wa tsitsi lopaka utoto wabuluu, amene gitala amaitha. Benny, mnzake wa Joe, amaimba lipenga, chida chimene oimba punk ambiri sachiganizira n'komwe. Ellie ndi mtsikana woyendayenda ndi pepala losainitsa anzake madandaulo opita kwa akuluakulu a sukulu. Si wa mtundu wa ku Mexico, ndipo ng'oma za bandi sanazigwirepo chibadwire. Timitengo toimbira anapatsa iyeyo.

Chimene ndimasilira pano n'chakuti Malú sanapite kukafuna anzake. Chicago sankaifuna, mtima unali kwa bambo ake. Ankafuna woimba gitala, woimba ng'oma, mayina okwanira kulemba pa fomu ya chionetsero cha luso chimene sukulu imachita pa chikondwerero cha Fall Fiesta. Ubwenzi unabwera mozemba, iye ali kalikiliki ndi zina. Mabuku ambiri a ana ubwenzi amachita kuulengeza: awiri akhala pansi, wina aulula chinsinsi, misozi, kukumbatirana, zatheka. A Pérez amaupatsa ntchito yogwira. Pafunika malo oyeserera. Pafunika kugwirizana nyimbo. Pafunika kupirira pamene woimba ng'oma akuphonyabe, kuyambiranso, kuphonyanso. Ana amene asekana chifukwa cha phokoso loipa limene apanga limodzi safunika kuuzana kuti tsopano ndi mabwenzi, ndipo wolemba sawakakamiza kutero. Za chibwenzi cha mnyamata ndi mtsikana, zimene olemba ambiri amathamangira akaona Joe ndi Malú ali pafupi, muno sizinapatsidwe mpando. Mpata umene zikanadya unatsalira onse anayi.

Mkangano ulipo, monga m'bandi iliyonse, ndipo umachokera kwa Malú mwini. Ali ndi kamtima kodziona ngati ndiye yekha wodziwa punk yeniyeni, amabisira mayi ake za bandi, ndipo zinthu zikamuwawa amaiwala kuti anzake atayapo nthawi yawo. Wolemba samutchinjiriza. Nthano ya The Wizard of Oz, imene Malú ndi bambo ake amaikonda, imayenda chapansipansi m'buku lonse: mtsikana wotayika kudziko lachilendo, wofuna kubwerera kwawo, n'kupeza anzake atatu panjira, aliyense ndi choperewera chake. Mwana woidziwa nthanoyo amazindikira yekha. Wosaidziwa sataya kanthu.

Munthu amene ndimamuona kuti anamangidwa mwaluso kuposa onse si mwana ayi. Ndi Mayi Hidalgo, amayi ake a Joe, eni malo omwera khofi otchedwa Calaca. Malú anafika ku Chicago dziko atalidula pawiri: punk ndi ya bambo, Mexico ndi wa mayi, ndipo kusankha chimodzi ndi kukana chinzake. Ngakhale mayina ake anagawikana chimodzimodzi, bambo amamutchula Lú, mayi amatchula dzina lonse la María Luisa. Ndiye akumana ndi mayi wa mtundu wa ku Mexico, wa mphini zojambula m'mikono, amene punk anakula nayo. Mayiwa samukhazika pansi kuti amulangize. Amamupatsa nyimbo zoti akamvere, amatsegulira anawo pakhomo pawo kuti aziyeserera, amathandiza woimba ng'oma uja. Kudzera mwa iwo Malú amva za oimba enieni amene mbiri ya punk imakonda kuwadumpha, monga gulu la The Brat la ku East Los Angeles ndi Alice Bag, mwana wa makolo a ku Mexico amene ankatsogolera gulu la The Bags kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mtsutso umene Malú ankalimbana nawo usiku ndi usana, wolemba sanauthetse ndi mfundo. Anangobweretsa munthu amene kukhalapo kwake kokha kukusonyeza kuti malire aja anawalemba ndi Malú yemwe.

Kumbali inayo kuli agogo Oralia, amayi awo a Mayi Hidalgo, oyandikana nyumba ndi Malú, amene m'nyumba mwawo mumalira nyimbo za Lola Beltrán, mfumukazi ya nyimbo za ranchera amene anamwalira mu 1996. Ndi nyimbo za agogo, za chikondi chosweka ndi kulira mokweza, zimene mwana wa punk amayenera kuzinyoza. Koma khutu la Malú, limene bambo ake analiphunzitsa kumvera mawu osabisa ululu, linapeza momwemo chinthu chimene linkachidziwa kale. Taonani kuti maphunziro a bambo ndi amene amutsegulira khomo la kwa mayi. Wolemba sakunena zimenezi paliponse, wangoyala zinthu mwa dongosolo loti zichitike choncho.

Mdani wa Malú pasukulu ndi Selena Ramirez, mtsikana wolankhula Chisipanishi chosalala, wovina magule a ku Mexico, mwana amene mayi ake a Malú akanakonda atakhala wawo. Selena ndi anzake amamutcha Malú kokonati, kutanthauza woderako kunja koma woyera m'kati, mzungu wobisala. Chisipanishi cha Malú n'chothyokathyoka, nyama sadya, ndipo masamba onunkhira a cilantro, amene sasowa m'zakudya za ku Mexico, kwa iye amakoma ngati sopo. Mwana wa ku Malawi kapena wa ku Zambia wokulira ku Leicester kapena ku Johannesburg, amene akabwera kumudzi amamuseka Chichewa chake, sangafune womumasulira mutu umenewu. Anawo atafuna dzina la bandi anatola chipongwe chomwecho n'kuchivala, nadzitcha The Co-Co's, dzina lomvekanso ngati la The Go-Go's, gulu lotchuka la akazi la ku Los Angeles. Koma a Pérez sanamusiye Selena kukhala woipa chabe. Timadzazindikira kuti nayenso ali ndi chimene amachilakalaka mobisa, magule a ku Ireland, ndipo kwawo sangamulole chifukwa si a mtundu wawo. Atsikana awiriwa akulimbana ndi chingwe chimodzi, wina chamumanga kunja, wina m'kati. Sakhala mabwenzi apamtima chifukwa cha zimenezi, ndipo ndi bwino kuti sanatero.

Pa mayeso olowera chionetsero, bandi inaimba monga bandi ya masabata ochepa imaimbira, mokweza ndi mosalongosoka, ndipo dzina lawo silinatuluke pa mndandanda. Mphunzitsi wamkulu, Mayi Rivera, ankafuna zinthu zoyenerana ndi mwambo wa chikondwererocho. Pali nthabwala imene wolemba waibisa m'dzina la sukulu. José Guadalupe Posada, amene anabadwa mu 1852 n'kumwalira mu 1913, anali mmisiri wosema zithunzi zosindikiza pa timapepala totchipa togulitsa mumsewu ku Mexico, wotchuka ndi zigoba za anthu akufa zovala zapamwamba, zonyogodola olemera ndi andale. Sukulu yonyadira dzina la munthu wotereyu ndi imene ikukana ana chifukwa cha phokoso. Mwa onse a pasukulupo, amene akugwira ntchito yofanana ndi ya Posada ndi kamtsikana ka sizasi kaja. Anawo sanapite kukalira ku ofesi. Anakonza chionetsero chawochawo, Alterna-Fiesta, choti aliyense wokanidwa adzaonetse luso lake, ndipo apa luso la Ellie losonkhanitsa anthu, lomwe poyamba linkaoneka ngati khalidwe longosekesa, linapeza ntchito.

Tsono nyimbo. M'mabuku ambiri a mtundu uwu, nyimbo ya kumapeto imakhala mphotho chabe, nkhani itatha kale kwina. Muno kusankha nyimbo ndiye nkhaniyo. The Co-Co's anatenga Cielito Lindo, nyimbo imene Quirino Mendoza y Cortés anaitchukitsa mu 1882, imene agogo aliyense wa ku Mexico amaidziwa ndipo ochemerera timu ya dzikolo amaiimba m'mabwalo a World Cup, n'kuithamangitsa mwa punk. Chilichonse chimene wolemba anadzala m'mbuyomo chikupsera pamenepa nthawi imodzi. Lipenga la Benny, lomwe linkaoneka losochera m'bandi ya punk, ndi chida cha oimba mariachi, ndipo m'nyimbo iyi lafika kwawo. Ng'oma za Ellie sizifunika kuchita zodabwitsa, zingothamanga osaima, zomwe munthu wa masabata ochepa angathe. Ndipo Malú ayenera kuimba m'Chisipanishi, chilankhulo chimene chakhala chikumuchititsa manyazi, pamaso pa anthu amene amamuseka nacho, mokuwa. Akadaimba mwaulemu ngati mwana wa kwaya, akanakhala kuti wagonjera mayi ake. Akadaimba ya Ramones, akanakhala kuti wathawira kwa bambo. Kaimbidwe kameneka kokha ndi kamene kakanatha kunyamula onse awiri, ndipo palibe amene anamupatsa, anachita kukamata yekha ndi anzake.

Njirayi ili ndi makolo ake. Ritchie Valens, mnyamata wa makolo a ku Mexico wa ku California, anatenga La Bamba, nyimbo yakale ya ku Veracruz, n'kuisandutsa rock mu 1958, ndipo gulu la The Plugz linadzaiimbanso mwa punk patapita zaka pafupifupi 20. Palinso kuchenjera kwina pa kusankha nyimbo yodziwika chotere. Owerenga ambiri a ku America amene bukuli linawalunjika amaidziwa kale, mwina osadziwa n'dzina lomwe. Wolemba safunika kuipeka m'mutu mwawo, amangoibwereka pamene ili n'kuiwonjezera liwiro.

Olemba ena vuto la pepala losalankhula analipezera njira zawo. Antony John, mu Five Flavors of Dumb ya mu 2010, nkhani anaipereka kwa Piper, mtsikana wa vuto la kumva amene akuyang'anira bandi ya kusukulu kwawo ku Seattle. Poti wofotokozayo nyimbo saimva bwino, amationetsa zimene amaona ndi kumva m'thupi, yemwe akuyang'ana mnzake ndi diso loipa, yemwe akudzionetsera, ndipo wowerenga, amene nayenso sakumva kanthu, amakhala naye mbali imodzi. Mark Peter Hughes, mu Lemonade Mouth ya mu 2007, anagawa nkhani kwa ofotokoza ambiri, ana asanu okumana ali pachilango, kuti kusinthana kwa mawu kumveke ngati zida zolandizana. Zikuoneka kuti chipinda cha chilango chabala mabandi ambiri m'mabuku kuposa kalasi ya nyimbo, ndipo a Pérez pamenepo anangoyenda m'njira yopondedwa kale. Chawo chenicheni ndi chakuti kapangidwe ka buku, kapangidwe ka bandi ndi kapangidwe ka nyimbo yomaliza ndi kamodzi.

Pali malo pamene ulusi ukuonekera. Lamulo loyamba la punk limene mutu wa buku ukulonjeza, likadzatchulidwa, ndi malangizo wamba oti munthu asadzisinthe pofuna kukondweretsa ena, ofooka kuposa zonse zimene nkhani yasonyeza kale popanda kunena. Tsiku la chionetsero zinthu zimayenda bwino mopitirira, akuluakulu amafewa msanga, ndipo ana a zaka 12 okonza msonkhano wotsutsana ndi ofesi nthawi zambiri salandiridwa mokoma chonchi. Ndi buku la ana, ndipo wolemba anasankha kuwasiya ndi chiyembekezo. Mu 2018 linalandira ulemu wa Pura Belpré Honor komanso mphotho ya Tomás Rivera, zonse zoperekedwa ku mabuku a ana onena za moyo wa anthu ochokera ku Latin America okhala ku United States.

Koma tayang'anani zimene a Pérez anakana kukonza. Palibe wa kampani ya nyimbo amene anaima kumbuyo kwa gulu ndi pepala la mgwirizano. Chikho palibe. Makolo a Malú sanabwererane, ndipo ntchito ya mayi ake ku Chicago ikadali ndi miyezi yambiri kutsogolo. Mayiwo sanasanduke okonda punk, anangoyamba kuona kuti mwana wawo, amene tsopano tsitsi analipaka utoto wobiriwira, akufufuza za kwawo mwa njira imene iwo sakanaisankha, ndipo wowerenga wamkulu amaona chimene Malú akungoyamba kuchiona, kuti mayiwo nawonso ndi mlendo mumzinda wozizira, akulera okha mwana wowakwiyira. Chisipanishi cha Malú chikadali chothyoka. Cilantro akadamukomerabe ngati sopo, ndipo bukuli silinamuuze kuti aphunzire kumudya kuti ayenere kukhala mdzukulu wa agogo ake.